Manja Amene Anagwetsa Mwana

Moni nonse abale ndi alongo anga mwa Ambuye, makamaka inu amene mukumva mawu awa muli chigonere pamphasa. Ine ndine Naphiri wa ku Dowa, koma ku Mzimba kumene ndinakwatiwa amandiitana NyaPhiri. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene matenda anasokoneza manja ndi miyendo yanga mpaka ndinagwetsa mwana wanga, ndipo anandilanda. Ndakalamba tsopano, koma nkhani imeneyi ndimaikumbukabe ngati yadzulo.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi. Mwamuna wanga Yotamu ndinakumana naye ku esiteti ya fodya ku Kasungu, kumene ndinkakhala ndi atsibweni anga. Abale ake atabwera ndi ng'ombe za malowolo, atsibweni anazilandira akuseka, mano onse pamtunda. Kwathu ana ndi a kuchikazi, ndiye iwo anangoziona ngati mphatso ya anthu aulemu, ndipo palibe anafunsa kuti ng'ombezo zikutanthauza chiyani. Ine ndinakadziwira kumudzi kwa apongozi, kufupi ndi Champhira, kuti kumeneko ng'ombe zikapita, mwana aliyense wobadwa ndi wa kuchimuna. Sindinalabadire nkomwe. Ndinkati mwana ali kumsana kwanga angamutenge ndani?

Yotamu ananyamuka kupita kumigodi ku Joni ine ndili ndi pakati. Mwana anabadwa wamwamuna, agogo ake nkumutcha Wongani. Ali ndi miyezi isanu, mvula ili pakati, ndinagwidwa ndi malungo aja okwera m'mutu. Za ulendo wa kuchipatala ku Boma sindizikumbuka, amati ananditengera pangolo mpaka kumsewu. Nditatsitsimuka malungo anali atatha, koma thupi silinali langa. Ndikati nditenge kapu, dzanja linkaipitirira nkukagunda khoma. Ndikati ndiponde apa, phazi linkaponda apo. Mphamvu zinalipo ndithu, ndinkatha kufinya dzanja la anamwino mpaka iwo nkukuwa, koma maso, manja ndi miyendo zinali zitasiya kumvana. Adokotala anati zimatha kubwerera munthu akamazigwiritsa ntchito. Koma analankhula ali kalikiliki ndi odwala ena, ndipo apongozi anga aakazi aNyaShaba, amene ankandidikirira, Chichewa sankachimva bwino.

Ndisaname pamaso pa Mulungu, aNyaShaba sanali munthu woipa. Titabwerera kumudzi anandiyalira mphasa pakhonde nkumati, "Gonani waka, mkamwana," kutanthauza kuti ine mtengwa wawo ndizingogona basi. Madzi ankanditungira, chakudya ankandiphikira, mwana ankandibweretsera kuti ayamwe nditakhala pansi. Koma kugonako kunangowonjezera vuto, miyendo inayamba kuwonda. Ndikadzandira kupita kuchimbudzi, odutsa ankanong'onezana kuti mkamwana wa aTembo, apongozi anga aamuna, wayamba kachasu. Ine, munthu woti ngakhale thobwa logona limandizunguza mutu! Zinkandipsetsa mtima kwambiri, ndipo ine mtima wanga ndi wapachala chibadwire.

Tsiku lina m'mawa onse anapita kumunda kukabandira, mwana anamusiya pamphasa pafupi nane. Analira, ndinamuyamwitsa, analirabe. Ndinadzifunsa kuti ndi mayi wanji wolephera kubereka mwana wake kumsana. Ndinatenga nsalu, ndinaimirira, ndinawerama, ndinamugwira mkono kuti ndimukweze kumsana monga mkazi aliyense amachitira osaganiza nkomwe. Dzanja lamanzere linachedwa. Mwana anatsetsereka paphewa nkugwa chamutu pamwala wa pakhonde, khu! Anakhala kanthawi ali zii, ndipo kanthawi kameneko sindidzakaiwala mpaka kumanda. Kenako analira, magazi akutsika pachipumi. Mayo ine, ndinayesa kumutola, manja akungopalasa dothi pambali pake. Ndinakuwa mpaka a kumunda anamva.

ANyaShaba anafika akuthamanga, anamunyamula osandiyang'ana, nkulowa naye m'nyumba mwawo. Balalo linapola, Mulungu anamusunga. Koma kuyambira tsiku limenelo Wongani sanabwererenso kwa ine. Anamuletsa kuyamwa, ati mkaka wa wodwala ndi woipa, anayamba kumupatsa phala ndi mkaka wa ng'ombe. Mabere ankandiwawa, mkaka ukunyowetsa malaya, mwana akulira nyumba yoyandikana nayo, ine osaloledwa ngakhale kumugwira phazi.

Patapita masiku, apongozi aamuna aTembo anatuma alamu anga aLameki, mkulu wake wa Yotamu, kuti adzandiuze zimene agwirizana. Kumeneko mkamwana salankhulana maso ndi maso ndi apongozi aamuna, ukawaona umapatuka nkugwada patali. ALameki anakhala pachitsa, maso pansi, nkunena kuti tikakolola adzandiperekeza kwathu ku Dowa kuti ndikapume.

"Nanga mwana, alamu?" ndinafunsa.

"Mwana ngwithu, mlamu," anayankha motsitsa mawu. Mwana ndi wathu.

Ndinati Yotamu sangalole. Kalata yake itabwera kuchokera ku Joni, inali yolembera bambo ake, ndipo za ine munali mzere umodzi, woti ndimvere zimene akuluakulu anene. Ndinafuna kumuyankha ndekha, koma pensulo inkangong'amba pepala.

Abale, pamenepo ndinafika pamapeto. Masana ndinkakwawa mpaka kumpanda wa mapesi kukasuzumira mwana wanga ali kumsana kwa agogo ake. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, koma khanda silidziwa mwambi, limadziwa msana umene laberekedwapo. Tsiku lina anandiona pampandapo, anandiyang'ana ngati mlendo, nkubisa nkhope m'khosi mwa agogo ake. Ndinaganiza zomuba ndithawe naye, koma ndikanafika pati ndi miyendo yotere? Ndinaganizanso za mtsinje umene unali utadzaza kumunsi kwa dimba. Inde, ndikunena poyera, ndinaganiza zimenezo ine mkhristu wobatizidwa. Ndinalowa m'munda wa chimanga dzuwa lili paliwombo, ndinagwa chafufumimba nkupemphera pemphero lamwano. Ndinati, "Mulungu, ngati manja mwatenga, tengani ndi maso omwe, ndisamaone mwana wanga akundiopa." Ameni sindinanene. Ndinangolira mpaka nyerere zinandithamangitsa.

Yankho linabwera ndi munthu amene mudzi wonse unkamuopa. Pasukulu ya pafupi panali aphunzitsi aakazi ochokera ku Dedza, Mayi Chilemba. Ndiwo ankaphunzitsa mpira wamanja, ndiwonso anapatsidwa ntchito yokonzekeretsa amayi magule okavina ku Boma kukabwera akuluakulu a chipani. Ankayenda ndi wezulo m'khosi ndi kope la mayina m'khwapa. Masiku amenewo mkazi wojomba ku magule ankafunsidwa mafunso oti munthu sungagone nawo tulo. Ndiye atatulukira pabwalo pathu kudzafunsa chifukwa chake mkamwana wa pakhomopo saoneka, aNyaShaba anangoloza msangamsanga pamphasa pomwe ndinali.

Mayi Chilemba anandipatsa moni m'Chichewa cha kwathu, ndipo misozi inalengeza pongomva chilankhulocho. Anandiuza kuti ndiwafinye dzanja, kenako ndigwire mphuno yanga ndi chala. Ndinadzitosa m'diso. Anatulutsa mpira wansanza m'chikwama, anakhala pansi moyang'anana nane, nkuugubuduza kubwera kwa ine. Unadutsa pakati pa manja anga ngati palibepo munthu.

"Mwabwera kudzandiseka?" ndinakalipa, osasamala kuti ndikulankhula ndi ndani.

"Ndikanafuna kuseka ndikanatsala kusukulu, kuli zoseketsa zambiri," anatero. "Mayi anga anadwala chomwechi. Tinawagoneka pamphasa chifukwa chowakonda, ndipo sanadzukenso. Inu mphamvu muli nazo, chatsala nkuti manja aphunzirenso kumvera maso. Tolani mpirawo."

Atanena kuti ndizipita kubwalo la sukulu kukachita masewera, pakhomo panavuta. ATembo anayankha kudzera mwa aLameki kuti sizingatheke, mkamwana wawo sangakadumphedumphe pagulu ngati kamtsikana, ndi manyazi a banja lonse. Mayi Chilemba sanatsutse. Anangotsegula kope lija pamaso pawo, nkulemba dzina langa pamndandanda wa ovina, pang'onopang'ono kuti aliyense aone.

"Dzina lalembedwa," anatero. "Wofuna kulifufuta akafotokoze yekha kwa atcheya a chipani."

ATembo anagonja. Mwambo wa apongozi unali wolimba, koma zaka zimenezo kope limenelo palibe mwambo unkalimbana nalo. Sindikuyamikira mantha a nthawi ija ayi, anthu anavutika nawo kwambiri. Ndikungochitira umboni kuti chinthu chimene tonse tinkachiopa ndi chimene Mulungu anachigwiritsa ntchito kunditulutsa pamphasa.

Ndinayamba ndili mbuli yeniyeni. Ine kusukulu ndinalekezera m'makalasi oyambirira, ndipo mpira ndinali ndisanaugwirepo chibadwire. Katatu pamlungu ndinkadzandira ndi ndodo mpaka kusukulu, mtunda woti wabwinobwino amafika madzi asanawire, ine ndinkapuma kanayi panjira. Amayi akatha kuvina ankasewera mpira wamanja, ine ndili pambali ndi ntchito yanga. Poyamba kunali kugubuduza mpira wansanza nditakhala pansi, ugunde khoma la kalasi, ubwerere, ndiugwire. Kenako kuyenda pamzere wa phulusa umene ankalembera malire a bwalo, chidendene kutsogolo kwa chala, ndikuwerenga mokweza. Kenako kuima ndi mwendo umodzi nditagwira mtengo wa golo. Ng'oma ikamalira ankandiuza kuti ndiziomba m'manja motsatira, phazi nalo liziponda pomwepo. Kunyumba anandipatsa ndado, masewera aja a timiyala a asungwana, ndipo ndinkasewera ndekha nditatseka chitseko. Lamulo lawo linali limodzi: yang'anani mpira, musayang'ane manja, ndipo mukatopa lekani, thupi lotopa limaphunzira zolakwika.

Musaganize kuti zinayenda. Mwezi woyamba unatha wopanda chooneka. Atayamba kundiponyera mpira m'mwamba, unkandimenya pamphuno, pachifuwa, pena manja ankatsekeka mpira utagwa kale. Tsiku lina mayi wina wa pakamwa, NyaMoyo, ananena mokweza kuti onse amve, "Mpira ungamuvute chomene uyu, mwana weniweni anamugwetsa." Magazi anandithamanga. Ndinatola mpira nkumugenda ndi mphamvu zanga zonse, koma unakamenya Mayi Chilemba amene anaima cha uko. Bwalo lonse linafa nalo phwete. Ndinapita kunyumba ndikulira, ndipo mlungu wonse sindinapondeko.

Mlungu umenewo ndiwo unali woipitsitsa. Chimanga chinali chitayamba kufiira masamba, ndipo m'mawa uliwonse ndinkachiyang'ana ndi mantha, chifukwa kuuma kwake ndiko kunali kuchoka kwanga. Anzanga ankakondwa kuti chakhwima bwino chaka chino, ine ndinkapempha mvula ibwerere. Wongani anayamba kukwawa, ndinamva kwa anthu. Anamera mano, ndinamvanso kwa anthu. Mayi Chilemba anabwera Loweruka, sanandinyengerere. Anati NyaMoyo wanena zoona, mwana ndinamugwetsadi, ndiye ndisankhe: kupsa mtima pamphasa kapena kupsa mtima pabwalo. Anawonjeza kuti mpira uja unawamenya molimba ndithu, kungoti unaphonya mwini wake, ndipo zimenezo zimakonzeka. Ndinaseka, kuseka koyamba chidwalire, ndipo Lolemba ndinatenga ndodo yanga.

Tsiku limene ndinagwira mpira koyamba m'mwamba sindinakhulupirire. Ndinangomva phaa, uli m'manja, nditaukumbatira pachifuwa. Mayi Chilemba analiza wezulo ngati kwalowa chigoli, ndipo NyaMoyo yemweyo ndiye anayamba nthungululu. Wachiwiri ndinaphonya, wachitatu ndinaphonyanso, wachinayi ndinagwira. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndodo ndinaisiya, mzere wa phulusa ndinayamba kuumaliza osagwa, ndipo anayamba kundilowetsa m'bwalo kanthawi kochepa kuti ndizilandira mpira nkupatsira mnzanga. Pamenepo ndinaphunzira chinthu chovuta kuposa zonse, kuponda, kutembenuka ndi kugwira nthawi imodzi.

Koma mpira suberekedwa kumsana. Ndinawauza Mayi Chilemba kuti chimene ndikufuna ine si chigoli. Anaganiza pang'ono nkuti ndipeze dzungu lalikulu lolemera ngati mwana. Tinagawa kuberekako m'zigawo ngati masewera ena onse: werama, kweza, gwira ndi lamanzere, ponya nsalu, manga pamwamba, manga pansi. Ndinkachita m'nyumba masana, ndikuwerenga mokweza. Maungu anasweka ndithu, ndipo ndinkawaphika msanga kuti asandifunse. Tsoka ilo, tsiku lina mphepo inakankha chitseko, mkazi wa aLameki nkundiona nditabereka dzungu, ndikuyenda uku ndi uko, ndikulankhula ndekha. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti NyaPhiri wapenga chifukwa cha mwana. ATembo anati asadikirenso kuti chimanga chonse chilowe m'nkhokwe, ndinyamuke Lachisanu.

Lachisanu m'mawa kunali chisanu cholowa m'mafupa, chija cha ku Mzimba. ALameki anamanga kamtolo kanga panjinga kuti andiperekeze kumsewu kokakwera basi. Mayi Chilemba anali m'kalasi, samadziwa kanthu, ndipo kope lawo silikanandithandizanso, chifukwa wodwala wopita kwawo palibe amamuletsa. Ndinatsala ndekha ndi Mulungu wanga. ATembo anali pampando akuwothera dzuwa, aNyaShaba ataima pakhomo, Wongani ali kumsana. Ndinapita pakati pabwalo, ndinagwada, ndipo ndinachita chinthu chimene mkamwana sachita. Ndinalankhula nawo mwachindunji.

"Adada, ndapota. Ndinamugwetsa, sindikukana. Koma musandichotse chifukwa cha manja a miyezi yapitayo. Onani a lero. Ndikamugwetsanso, ndikwera basi osatembenuka."

Mkazi wa aLameki anagwira pakamwa. ATembo anayang'ana kumbali ngati sanamve. Amene anasuntha anali aNyaShaba. Anamasula nsalu, anatsitsa mwana, anamukhazika padothi patsogolo panga, nkunena m'Chitumbuka, chimene panthawiyo ndinali nditayamba kuchimva, kuti ndimutole ndipite naye kuchitsime, ndikabwere ndi madzi.

Dzungu silimenya mateche, abale. Nditangomugwira, Wongani anakuwa, anapinda msana, anatambasulira manja kwa agogo ake. Anali atalemera, ndipo sankandidziwa. Ndinachita mantha, mwala uja wa pakhonde ndikuuona ndi kona ya diso. Ndinanena mumtima, Yesu ndigwireni, kenako ndinayamba kuwerenga mokweza pamaso pa onse, kaya aziti misala. Werama. Kweza. Anatsetsereka pang'ono paphewa, pomwe paja, ndipo lamanzere linafika nthawi yake nkumugwira ntchafu. Ponya nsalu. Manga pamwamba. Mfundo yoyamba inaphonya, ndinabwereza. Manga pansi. Ndinaweramuka, mwana ali kumsana, kutentha kwake ndikukumva pakati pa mapewa. Ndinatola ndowa.

Njira ya kuchitsime ndi yotsetsereka ndipo ili ndi mizu. Ndinaiyenda monga ndinkayendera pamzere wa phulusa, maso kutsogolo, phazi limodzi kenako linzake. Ndinatunga, ndinasenza, ndinayamba kukwera. Madzi ankakhavukira pamutu pa mwana, iye nkumakuwa koposa. Pa muzu wina ndinapunthwa, ndinadzandira kawiri, phazi nkupeza pansi lokha. Pamenepo mpamene ndinamva kupuma kwa munthu kumbuyo kwanga. Nditacheuka pang'ono, ndinaona aNyaShaba. Gogoyo anali atanditsatira ulendo wonse, kupita ndi kubwera, atawerama, manja onse awiri atawatambasula pansi pa mwana, osamukhudza. Misozi inali mbwembwembwe. Mpamene ndinazindikira kuti miyezi yonseyo sankadana nane, ankangoopa kutola mtembo wa mdzukulu wawo padothi.

Ndinatula ndowa pabwalo, madzi atatsala theka. ATembo anayang'ana ndowayo, anayang'ana mfundo ya nsalu pachifuwa panga, nkuuza aLameki mawu awiri okha, kuti amasule katundu. ANyaShaba anakhala pansi pomwepo nkumangothokoza Mulungu kuti, "Yewo, Chiuta, yewo." Ine mwana sindinamutsitse mpaka dzuwa linapendeka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ameni. Ndikuthokoza chifukwa cha Mayi Chilemba, amene anasamutsidwa chaka chotsatira ndipo sindinawaonenso. Ndikuthokozanso chifukwa cha apongozi anga, amene ndinawasamala ndi manja omwewa mpaka tsiku lawo lomaliza. Sizonse zinabwerera. Mkaka unali utauma, ndipo mpaka lero ndikatopa ndimayenda mopendekera, singano amandilowetsera ena.

Ndiye iwe amene thupi lasiya kukumvera, pemphera, ngakhale pemphero lako litatuluka lokhota ngati langa. Ukatha kupemphera funsa achipatala zimene ungayambe nazo, upeze wokugwira dzanja, uyambe ndi chaching'ono chochititsa manyazi. Adzakuseka, udzaphonya, udzafuna kuleka, ndipo mwina udzalekadi mlungu umodzi. Bwereranso. Ndipo inu osamalira odwala, chikondi chanu chisawakhomere pamphasa. Musadikire kuti chipulumutso chibwere chokoma ngati nyimbo. Changa chinabwera chikukuwa. Wongani analira njira yonse ya kuchitsime, akuitana agogo ake, akundimenya ndi timapazi m'nthiti, osandifuna mpang'ono pomwe. Koma analirira kumsana kwanga. Ambuye alemekezeke.